Masamba a Maliro Pamsewu

Chikhazikitsire lamulo loti m'mbali mwa msewu musamere mtengo, ati galimoto zoyenda zokha ziziona patali, Nasiketi ankabisa kamtengo ka mango m'chidebe kuseri kwa bafa. Ankakathirira madzi otsukira mbale, ndipo tindege taboma toyendera midzi tikamveka, ankakafunditsa chitenje.

Mwamuna wake atamwalira, anthu anasonkhana, koma galimoto zinkangodutsa paliwiro, nyimbo osamveka. Panalibe pothyola nthambi zoyala pamsewu, zodziwitsa odutsa kuti pano pagwa zovuta.

Nasiketi anatuluka m'siwa n'kutenga chikwanje.

"Alamu, atimangatu!" anatero Dafuleni, mng'ono wa malemuyo.

"Andimange. Akulu anu afe ngati nkhuku, apamsewu osadziwa?"

Anasadza kamtengo konse n'kuyala masambawo patala. Galimoto yoyamba inaima, posadziwa kuti n'chiyani. Yachiwiri inaimanso. Mzere utafika kuchigayo, bambo wina waimvi anatsika, anayang'ana masambawo, n'kuvula chipewa. Ena anamutsatira.

Nasiketi anaponya chikwanje pansi n'kutembenukira amayi oimba.

"Kwezani mawu. Tsopano akumva."