Chithunzi cha Kuseri kwa Shopu

Priska anafika pashopu ya mwamuna wake pa Bangula atamanga kale katundu. Chinangotsala n'kudzionera yekha zimene amayi a pamsika ankanong'onezana. Akuti Sebastiano, wolemba zikwangwani za magolosale ndi masaluni, wadzijambula akupsompsona mtsikana.

Sebastiano yemweyu, munthu amene chichokereni ku Makhanga sanagwirepo mkazi wake ngakhale dzanja. Madzi osefukira atapha mwana wawo Imelda, Priska ali kuno kogulitsa nsomba, bamboyu anangotseka pakamwa. Za tsiku limenelo sananenepo kanthu. Priska ankati ndi chisoni, n'kumupirira zaka ziwiri. Cha mwanayo chimene anatsala nacho chinali silipasi imodzi yachikasu imene anaitola m'matope madzi ataphwa, ndipo lero anaiika pamwamba pa katundu wake.

Kuseri kwa shopu, pakati pa zitini za penti, panali bolodi lalikulu lofunditsidwa chitenje. Priska anachisolola.

Amayi aja sananame. Uyo Sebastiano, ndevu zake zomwe, malaya ake obiriwira omwe, atagwada pansi. Mtsikana ali chagada, tsitsi lonyowa ngati wangochoka kosamba, diresi litamatirira thupi. Nkhope yake sinkaoneka, mutu wa bamboyo unaiphimba, koma milomo inali itakumana ndithu. Dzanja lina linagwira chibwano, zala za linalo zili pamphuno. Luso lonse limene ankawamana eni masaluni analikhuthulira apa, mpaka mitsempha ya m'khosi mwake inkaoneka.

Mtima unamupweteka Priska kuposa mmene ankayembekezera. Iye n'kumalira yekha pamphasa, osadziwa kuti mnzakeyo anapeza kale womutonthoza.

Atatembenuka anapeza Sebastiano ataima pakhomo, burashi ili m'manja.

"Bambo a Imelda, sindinabwere kudzakangana," anatero Priska. "Mungondiuza dzina lake basi, ine ndizipita kwathu ku Tengani."

Sebastiano anawerama n'kusuntha chitini chimene chinatchinga m'munsi mwa bolodi lija. Phazi limodzi la mtsikanayo linali lopanda kanthu. Linalo linavala silipasi yachikasu.

"Ndinamuuzira mpweya mpaka dzuwa kulowa, mayi a Imelda," anatero. "Sanadzuke."