Kapepala ka pa Fyuzi

"Mwandiwonongera ampu, alamu. Tiimba ndi chiyani ku ukwati masana ano?" Mwamuna wa mlongo wanga anamenya tebulo, mkazi wake ali pambali.

Kuwononga ine, munthu wodziphunzitsa ndekha, amene ndakonza zoimbira m'mayiko asanu?

Ndinamasula chivindikiro cha ampuyo, makina okuzira mawu. Thiransifoma inali itapserera. Fyuzi yomwe ndinaika dzulo inali yokulungidwa m'kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu.

"Ndinakuuzani kuti masipika achuluka. Fyuzi itapsa munaikulunga ndinu, moto n'kudutsa wonse."

"Bodza. Ndinu mmisiri wa pakamwa basi."

Ndinatambasula kapepalako, n'kupatsa mlongo wanga. Anakanunkhiza osafulumira.

"Bambo a ana, si munalumbira pamaso pa adokotala kuti fodya munasiya?"