Ulendo wa Che Zakaria

Japhet anasolola wailesi m'malo mwake n'kuigoneka pa bondo, zingwe zili lendelende. Inali 10:20 m'mawa, Loweruka pa 14 Seputembala, 2024, kuseri kwa nyumba ya malata ya Safia ku Dukathole, ku Joni. Safia anaima pambali pa galimoto atanyamula mbale ya masikuluwu anayi. Anauzidwa kuti agwire, ndiye anangogwira.

"Wailesi iyi ndi yobadwa nayo," anatero Japhet, mmisiri wa zamagetsi a galimoto wochokera ku Chipata. "Korola ya 2004. Imadziwa FM ndi CD basi. Za foni sinamvepo."

"Ndiye zitheka?"

"Sisi, ine ndine dokotala wa zimenezi." Anatembenuza wailesiyo n'kuloza kabowo ka mano khumi ndi awiri kumbuyo kwake. "Apa pankayenera kulowa makina osinthasintha ma CD. Ife tilowetsa kabokosi aka, kokhala ndi chingwe cha foni. Wailesi iziti ikuimba CD, chonsecho ikuimba foni yanu."

Bambo ake a Safia, Che Zakaria, anali pa mpando mu mthunzi wa khoma. Anavala mkanjo woyera ndi chisoti chopitira ku mzikiti, chikwama chili pa miyendo. Kwa zaka 26 anayendetsa mathiraki pakati pa Jet Park, ku Joni komweko, ndi Blantyre. Tsopano anali ndi zaka 71, maso onse awiri atachita ng'ala, ndipo mutu unayamba kutaya zinthu mu 2022. Anaiwala kuti akazi awo anamwalira. Masiku ena ankaiwala dzina la Safia. Msewu wokha ndiwo sunachoke. M'mawa uliwonse ankadzuka, kumanga chikwama, n'kunena kuti akupita kwawo ku Namwera.

Pa 23 Julayi anazemba pakhomo, Safia n'kukawapeza ku siteshoni ya sitima ku Germiston. Pa 29 Ogasiti dalaivala wa galimoto yokoka zinzake anawatola pa msewu wa N3, akuyenda pa mzere wachikasu, nsapato ili imodzi, mathiraki akuwapepesa mkanjo. Foni inampeza Safia mu nyumba yosungiramo katundu kumene amagwira ntchito. Sanalire. Anamaliza kumata katoni imene inali m'manja mwake, n'kupita kukawatenga.

Mayi woyandikana nawo, amene ankawayang'anira masana, anati zamukwana. Safia anayesa kuwatsekera m'nyumba. Iwo anaswa zenera ndi chigongono, kuchipatala n'kuwasoka masitichi asanu ndi awiri. Tchuthi chimene Safia anapempha kuntchito chinali kutha, ndipo Lolemba anayenera kubwerera ku ntchito, 6 koloko mpaka 6 koloko. Ankadziwa kuti kachitatu sadzawatola amoyo. Choncho anasiya kulimbana nawo. Ulendo ankaufunawo anaganiza zongowapatsa.

"Inu amisiri," anaitana Che Zakaria nkhope italoza kolakwika, "madzi mwaona? Ku Beitbridge kumawotcha."

"Zonse zili shapu, madala."

"Shapu yanu ya ku Joniyo inandigonetsa pa Makhado masiku awiri."

Japhet anaseka. Anaboola kabowo m'kakabati ka mapepala kutsogolo kwa mpando wa wokwera, n'kudutsitsamo chingwe. Kabokosi anakamangirira kuseri kuti kasamagogode. Anatenga masikuluwu m'mbale imodziimodzi, wailesi n'kubwerera m'malo mwake ngati sinakhudzidwe. Kenaka analumikiza foni yake, anadina batani la CD kawiri, nyimbo inatuluka.

"Mawu opyapyalawo tsitsani," anatero Safia. "Besi kwezani mpaka chitseko chizinjenjemera."

"Eish. Madala ndi a nyimbo za amapiano?"

Safia anagunditsa chikhatho pa chitseko n'kudikira. Chitsulo chitayamba kumuyabwa m'manja anati, "Basi, pomwepo."

Ntchito inatha 11:05. Safia anaika botolo la madzi ndi nthochi pa mpando wa wokwera, mkeka wopempherera ndi chikwama kumbuyo. Foni yake yakale anailumikiza ku chingwe chija n'kuigoneka m'kakabati. Anapita kukawagwira dzanja bambo ake.

"Ababa, nthawi yakwana."

Anayenda nawo pang'onopang'ono, kuzungulira kutsogolo kwa galimoto, mpaka ku chitseko cha kumanja. Anawakhazika pa mpando wa dalaivala, anawamanga lamba, n'kuwaika makiyi m'dzanja. Japhet anasiya kukulunga mawaya ake n'kuyang'ana kumbali.

Manja a Che Zakaria anapeza chiwongolero okha, osafufuza. Anakankhira mpando kumbuyo pang'ono. Anakonza galasi loonera kumbuyo, ngakhale munalibe chimene akanaonamo. Msana unawongoka. Pa nkhope pawo panabwera bata limene Safia anali asanalione chaka chonse. Analiona, ndipo mumtima mwake simunagwedezeke kanthu.

"Uwaimbire amayi ako," anatero. "Uwauze kuti ndifika Lolemba, asavutike kundichingamira."

"Ndiwaimbira, Ababa."

"Ndipo iwe usamagone ndi njala kuno."

"Chabwino, Ababa."

Safia anatseka chitseko, anazungulira kumbuyo n'kukaima pa zenera la mbali inayo. Che Zakaria anati Bismillah, anaponda kilatchi, n'kupotokola kiyi. Nthawi yomweyo Safia anapisa dzanja m'kakabati n'kudina foni.

Injini ya thiraki inabangula m'zitseko zonse zinayi, maola asanu ndi limodzi ndi mphindi 40, Jet Park mpaka Musina, monga momwe dalaivala wa kuntchito kwa Safia anamujambulira pa foni. Korola inanjenjemera pa milu inayi ya njerwa, pamene inakhala chichotsereni injini ndi matayala zaka ziwiri zapitazo, batire yokha itatsala. Safia anadikira mpaka bambo ake ataika giya yachitatu, kenaka anapita kukachapa yunifolomu.