Thovu la pa Nsaru

Foni inaliranso, Faness n'kuidula. Anali a Nasoni, dalaivala wa ku ofesi kwawo. Foni yomweyo ndiyo inkajambula mawu, ndiye aliyense woimba ankangomuonongera ntchito.

Pamabenchi a m'kalasi ya sande sukulu pa Nsaru panakhala amayi khumi, manja pachilolo, maso pansi. Zala zawo zinali zakuda ndi utomoni wa fodya. Anachita kuwatenga kuchigafa.

"Ndibwerezenso, amayi," anatero Faness. "Sopo watsopano uja mwamuona bwanji?"

Zii. Wina anakhosomola. Wina anakonza duku lomwe linali kale bwinobwino.

Kampani ina ya mu Lilongwe inkafuna kudziwa ngati sopo wake angagulidwe kumidzi, ndipo inapereka kafukufukuyo kwa abwana ake a Faness, a Gregory. Papepala dongosolo linali losavuta. A Nasoni atule sopo kwa mayi Rhoda a chigwirizano kudakali sabata, mayi Rhoda agawire amayi, amayi achapire, kenaka Faness abwere kudzamva maganizo awo. Koma pepala silidziwa kuti m'mudzi mumagwa maliro. Tsiku loyamba lokumana ndi amayi linapita choncho. Tsiku lachiwiri analisankha okha a Gregory ali mu ofesi, osafunsa munthu, n'kugwera tsiku la msika.

"Bajeti si mphira, Faness," anatero dzulo lake, akufufuta mabanzi ndi zakumwa pa zogula. "Ulendo watsala umodzi wokha. Lipoti likapanda kufika Lolemba, kampani ija ipita kwina, ndipo ine ndi inu tisiyana."

Ndiye lero anadzuka m'mamawa, kusiya mwana wa miyezi isanu kwa mlamu wake ku Namitete, kukwera minibasi, kumalizira pa kabaza m'matope. Kufika pano, mayi Rhoda kulibe. Akuti athamangira kuchipatala ndi mdzukulu, angosiya mawu kuti amayi asonkhane.

Faness anawayang'ana mmodzimmodzi. Zimenezi ankazidziwa. Anthu awa anazolowera misonkhano ya mabungwe, komwe pakamwa pamatsekulidwa ndi banzi. Aona tebulo lili mbee, ndiye agwirizana zomunyanyala. Mtima unamuwawa. Mabere anali atayamba kulemera, ndipo ankadziwa kuti nthawi ngati ino mwana kunyumba wayamba kale kulira, mlamu akumupatsa kaya chiyani.

"Amayi, ndikudziwa mwasiya fodya," anatero Faness. "Zakumwa kulibe, pepani, si ine ndinachotsa. Koma mukapanda kuyankhula, ine ntchito yanga ithera m'kalasi muno. Ndili ndi khanda kunyumba."

Amayi anayang'anana. Kenaka wamkulu pa onse, mayi Ezeliya, anasendera kutsogolo kwa benchi.

"Iyayi mwananga, usalire. Khanda lako ndi lalimuna kapena lalikazi?"

"Lalikazi."

"Ndiye lemba. Sopo ameneyu ndi wabwino."

Faness anasendeza foni pafupi. "Wabwino bwanji, amayi?"

"Thovu lake. Kungopaka kamodzi, beseni lonse mbuu."

"Eetu," anavomera mayi wina wachitsikana, Judith. "Ngakhale madzi a pamjigo pathu paja, ouma aja, thovu likubwera ndithu."

Basi, ngati wina watsegula khola. Wina anati malaya a kumunda a amuna ake ayera mpaka apongozi kufunsa ngati agula ena. Wina anati sakusupula manja. Judith anati amanunkhira ngati mandimu, mnzake n'kumutsutsa kuti ayi, ngati maluwa.

"Iwe mphuno zako zinafa ndi fodya kalekale, ungadziwe chiyani za maluwa?"

"Nanga zako zimakhala ku Area 10, eti?"

Kalasi yonse inaseka, Faness nayenso. Kusiyana maganizo kotere ndi kumene a Gregory amati kampani imakukonda. Foni inaliranso, anaidula msanga. A Nasoni adikire. Ntchito yawo lero inali yongobwera kudzamutenga masana.

Anafunsa za mtengo, anamuyankha. Anafunsa ngati sopoyo amatha msanga, mayi Ezeliya anati amakhalitsa kuposa amene amagula pamsika, bola osamusiya m'madzi. Anafunsa choipa chake. Apo amayi anaganiza nthawi ndithu, mpaka Judith anati mwina akanakhala wokulirapo pang'ono. Faness analemba zonse, dzanja likuthamanga. Lipoti linali litayamba kale kuoneka m'mutu mwake. Akafika kunyumba ayamwitse, mwana akagona alembe, Lolemba m'mawa a Gregory adzapeze zonse patebulo. Anachita manyazi pang'ono pokumbukira zomwe amawaganizira amayiwa. Anthu abwino chonchi.

Anazimitsa chojambulira, n'kuwathokoza mmodzimmodzi, kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Panja panamveka galimoto ikuima. Faness anapumira m'mwamba.

A Nasoni analowa chafutambuyo, akukankha chitseko ndi msana, atanyamula katoni yomata bwinobwino ndi tepi.

"Mayi, foni yanu simuyankha bwanji? Ndimafuna ndikuuzeni musayambe. Tsiku lija mvula inandibweza panjira, ndiye sopo yense ndi uyu, ndabwera naye lero."

Mayi Ezeliya anasuzumira katoniyo, n'kugwedeza mutu mokhutira. "Oho, kodi ndi ameneyu? Tatsegulani bambo, timuoneko."