Ngalande ya Kuseri kwa Garaja

Mdima utangogwa, kumwamba kukugunda, bwana wa garaja anaimbira foni wosesa wake.

"Katsegule ngalande ija, madzi amvula angatilowere."

Wosesayo mtima sunali m'malo. Chaka chonse ankakankhira zinyalala m'menemo, ndi oilo wakuda yemwe, bwana akangotembenuka.

Atafika ndi tochi, anapeza chitsulo chovindikira chili pambali. Zinyalala zake zonse zinali zitayalidwa bwinobwino pasimenti, mabotolo paokha, nsanza zopindapinda pazokha.

"Alonda, mwachita izi ndinu?" anafunsa akuunika uku ndi uku.

Mvula inayamba kudontha. M'paipi moti ngakhale mphaka sangalowe munamveka kutsokomola, kenako mawu aulemu.

"Zogwirika ndabweza, achimwene. Koma oilo uja mutsike mudzatenge nokha."