Anamangira Bambo Ake Manda Ali Moyo

Panali munthu wina cha ku Nkando, ku Mulanje, dzina lake Alifeyo. Amene ankafotokoza nkhaniyi akuti anaona ndi maso awo.

Alifeyo anabwera kuno ali kamwana, pothawa nkhondo ya ku Mozambique ndi bambo ake, a Arsenio. Nkhondo itatha mdalayo anabwerera kwawo, kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, koma mwanayo anatsala n'kukwatira konkuno. Mwa ana onse a Arsenio, wamoyo anali yekhayu, ndipo ankamukonda kwambiri.

Chaka china boma linatulutsa ndalama zokonzera misewu, milatho ndi ngalande, kuti anthu apeze ganyu komanso malonda ayende. Msewu wafumbi wodutsa m'mphepete mwa munda wa Alifeyo unali pakati pa misewu yoti ikulitsidwe. Iyenso analembedwa ntchito yokumba ngalande, pakhomo pake panayamba kununkhira mafuta. Koma mtima wa munthu sukhuta.

Tsiku lina anamupeza mkulu wina wovala jekete yonyezimira, yemwe palibe ankadziwa kwawo.

"Achimwene, mukugona," anatero. "Nthochi zanuzi chipukuta misozi chake n'chochepa. Koma msewu ukakhudza manda, boma limapepesa ndi manja awiri. Zamaofesi ndisiyireni ine, mungondipatsa ya fanta."

"Nanga manda ndiwatenga kuti?"

"Si inu a ku Mozambique? Nthawi ya nkhondo anthu ankaikidwa paliponse. Unjikani dothi, mulembe dzina la bambo anu. A boma amafuna wachibale weniweni."

Mkazi wake, Katarina, atamva anagwira pakamwa.

"Bambo a Carla, apongozi anga ali moyo. Dzina la munthu wamoyo sililembedwa pa mtanda. Akadzamva mudzawayang'ana bwanji?"

"Ndi mulu wa dothi chabe, amayi. Madala ali kutali, adzamvera kuti?"

Alifeyo anaunjika dothi pansi pa mtengo wa mapeyala, anazunguliza miyala, n'kukhoma mtanda wa thabwa lakale. Anaupakanso matope kuti uoneke wokalamba. Munthu ntchito ya bodza amaigwira mwaluso.

Anthu oyeza msewu atafika pamalopo anavula zipewa. Alifeyo anawauza kuti bambo ake anamwalira atangofika pothawa nkhondo, ndipo anaikidwa pompo.

"Pepani kwambiri, bambo," anatero wamkulu wawo. "Msewu sungadutse pa munthu. Tifukula mafupa mwaulemu, abale ndi ampingo alipo, tikawaike kumanda. Zachipepeso zibwera pambuyo."

Izi Alifeyo sanaziganizire. Anaimbira mkulu wa jekete uja, foni inali yozima. Katarina anamupempha kuti akangoulula zinthu zisanafike patali, koma manyazi anamugwira. Mumtima anati adzanena kuti mafupa anadyedwa ndi dothi.

Anaiwala kuti amayi ogulitsa nandolo amaoloka malire tsiku ndi tsiku, ndipo sanyamula nandolo yekha.

Tsiku lofukula anthu anasonkhana. Bokosi linabwera, amayi a mpingo ankaimba chapansipansi, Alifeyo ataima pambali ndi nkhope yachisoni. Makasu atangoyamba, panaima kabaza. Panatsika mdala wina wa ndodo, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pa mtanda paja. Anawerenga dzina lake lomwe.

"Agogo!" anakuwa Carla, mwana wa Alifeyo.

Nyimbo inathera pakamwa. Okumba anaponya makasu.

"Pitirizani, ana anga," anatero a Arsenio modekha. "Ndabwera kudzaona nawo m'mene anandiikira."

Palibe anakumbanso. Alifeyo anagwada.

"Papa, ndikhululukireni. Ndi umphawi."

"Umphawi tonse tili nawo," anayankha mdalayo, osakweza mawu. "Ndinakubereka kumsana mfuti zikulira, kuti usafere kutchire. Iwe wandiika kutchire ndikupuma. Chabwino. Munthu saikidwa kawiri, mbali yako wagwira kale. Tsiku langa likadzafika usadzavutike."

Anasisita Carla kumutu, anathokoza amayi a mpingo chifukwa cha nyimbo, n'kukweranso kabaza yomwe ija. Madzi omwe Katarina anawatungira sanamwe.

A msewu anangomuchotsa ntchito Alifeyo n'kusalaza mulu uja. Msewu unatha bwinobwino, ngalande zake zokongola, maminibasi akudutsa. Alifeyo anapita kutsidya kangapo kukapepesa, koma bambo ake ankangomupatsa moni n'kulowa m'nyumba. Iye ankadzilimbitsa mtima kuti mkwiyo wa kholo sukhalitsa.

Mvula yotsatira ili pakati, anakumana ndi mayi wina wa kutsidya pamsika wa Nkando.

"Pepanitu ndi zovuta zija," anatero mayiyo. "Tinadabwa osakuonani pamaliro a bambo anu."

Alifeyo anakhala pansi pomwepo, pamatope. Mwezi unali utadutsa kale, ndipo palibe anamutumizira uthenga. M'mawa mwake anaoloka malire akulira. Abale anamulandira ngati mlendo, anamupatsa mpando ndi madzi. Atapempha kuti akaone pamene anagona bambo ake, mng'ono wa malemuwo anapukusa mutu.

"Mwini wake anatiletsa. Anati mwana wanga manda anga akuwadziwa kale."

Mpaka lero Alifeyo sadziwa pamene bambo ake anaikidwa.

Phunziro: Chitukuko chikabwera, landirani gawo lanu loyenera, musapangire bodza dzina la kholo lanu. Mlendo wokupatsani nzeru zachinyengo amazimitsa foni zikavuta, manyazi n'kutsala ndi inu. Wakutsina khutu ndi mnansi, mumvereni nthawi ikadalipo. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, makamaka amene msewu ukubwera kwawo.