Matayala Awiri Amene Sankazungulira

Panali munthu wina ku Chipata, dzina lake Fulansisi, ndipo ofotokoza nkhaniyi akuti anaiona ndi maso. Anali mwana wa alimi a mtedza a ku Chipangali, koma sukulu inamukomera mpaka anapeza ntchito yabwino m'tauni. Atagula galimoto yakale koma yamphamvu, ija yokoka ndi matayala onse anayi, anthu sanapume nayo. Kutchalitchi ankaimika pakhomo penipeni, ndipo kafumbi kakangoigwera ankaipukuta ndi mpango wa m'thumba. Koma m'matope anali asanailowetsepo n'kamodzi komwe.

Tsiku lina mu Febuluwale, mvula ili pakati, mlongo wake Rozi anamuimbira foni m'mawa.

"Alongo, amayi chibayo chawapanikiza, akupuma movutika. Kukiliniki akuti tithamange nawo kuchipatala chachikulu lero lomwe."

Fulansisi amayi ake, a Dolika, ankawakonda kwambiri, izo tisamunamizire. Ananyamuka osadya n'komwe, nadzera msewu wozungulira wa miyala. Atafika kumudzi anawagoneka amayiwo pampando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo ya Rozi. Kenako anati pobwerera adzera njira yachidule yodutsa padambo, kuti asataye nthawi.

Pabwalo paja panali madala ena, a Lyford, amene anayendetsa galimoto ya ansembe m'njira zimenezi zaka makumi atatu. Atamva za dambo anasendera pafupi, nawerama pa tayala lakutsogolo.

"Mwana wanga, ngati mudzera kudambo, ndikhome kaye kutsogoloku."

"Madala, musagwiregwire motoka, tachedwa kale! Giya yokokera onse anayi ndaika kale m'kati muno."

"Giya payokha sikwanira. Mtundu uwu umafuna..."

Fulansisi anakweza galasi n'kunyamuka.

Chimene a Lyford ankanena n'chakuti magalimoto akale ngati amenewa ali ndi kachitsulo pakati pa tayala lililonse lakutsogolo. Ukapanda kutsika n'kukapotoza ndi dzanja, matayala akutsogolo sakoka, ngakhale giya uikankhe bwanji. Ntchito yake sitha mphindi imodzi.

Atangolowa padambo, galimoto inayenda pang'ono n'kutitimira. Fulansisi anaponda moto, matayala akumbuyo akungokumba. Anthu amene ankapalira m'minda yapafupi anataya makasu n'kubwera kudzakankha. Anakankha mpaka onse anafanana ndi matope, koma galimoto osasuntha.

Rozi anasuzumira pawindo. "Alongo, akutsogolowa bwanji sakuzungulira? Bwanji tiitane a Lyford?"

"Adzatani a Lyford? Adzaisenza pamutu? Iwe za motoka ukudziwapo chiyani?"

Kunena zoona, mumtima anali atayamba kukayikira. Koma kuitana munthu amene wamutsekera galasi pamaso pa mudzi wonse, manyazi anamukulira. Anavula malaya, nayamba kufukula matope ndi khasu lobwereka. Foni nayo pamalopo sinkagwira.

Dzuwa litafika pamutu, a Dolika anatsegula maso.

"Fula, tafika kodi?"

"Tatsala pang'ono, amayi."

Anafunsa choncho katatu, mawu akunka nachepa, ndipo katatu konse anawayankha chimodzimodzi. Kachitatuko Rozi sanapemphenso chilolezo kwa munthu. Anaitana bambo wina amene ankadutsa panjinga, namuchonderera kuti akawatenge a Lyford.

A Lyford anafika dzuwa litapendeka. Sanamuyang'ane Fulansisi, sananyoze, sanafunse kanthu. Anapinda buluku, nagwada m'matope ndi mawondo awo odwala, napotoza kachitsulo kaja. Anazungulira mbali inayo, napotozanso. Anauza anthu kuti aike nthambi pansi pa matayala akumbuyo.

"Tsopano ilizeni. Pang'onopang'ono, osaponda moto kwambiri."

Galimoto inagwedezeka kamodzi, n'kutuluka ngati ikuyenda pamsewu wa tala. Anthu anaomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Fulansisi anatembenuka akumwetulira.

"Amayi, tatuluka! Tsopano tikupita!"

Misozi ya Rozi inali chuchuchu, dzanja lake lili pamaso pa amayi awo. Anali atawatseka kale maso pamene a Lyford ankagwada pa tayala loyamba, koma anasowa poyambira kunena.

Fulansisi analira ngati mwana. Anatsika n'kudzigwetsa m'matope, akuitana amayi ake mobwerezabwereza. Amene ankaomba m'manja aja anavula zipewa. Kuwongolera galimoto sakanathanso, choncho a Lyford ndiwo anakhala pa chiwongolero, naitembenuza kuti iloze kumudzi. Dambo lomwe lija, limene linawadyera maola anayi, analidutsa osaima n'kamodzi komwe, atanyamula maliro.

Patsiku loika, Fulansisi anapita pamene anakhala a Lyford, nagwada.

"Madala, mukanangondikakamiza..."

A Lyford anapukusa mutu, nawonso akulira. "Dzanja langa linali litafika kale pa tayala, mwana wanga. Kunangotsala kupotoza."

Akuti galimotoyo ikadalipo kunyumba kwake ku Chipata, pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa. Ofuna kugula amabwera, iye amakana. Kuntchito amapita wapansi.

Phunziro: Kukhala ndi galimoto yamphamvu si kudziwa kuiyendetsa. Musanalowe nayo m'njira zakumudzi, iphunzireni bwino, ndipo munthu amene wakalambira m'njirazo akamalankhula, tsitsani galasi mumve mpaka amalize. Mukaona kuti mwalakwa, itanani thandizo nthawi yomweyo, chifukwa manyazi amatha koma wodwala sadikira. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa aliyense amene amagwira chiwongolero mvula ino.